Manda a Maliya kuseri kwa khola la akavalo

Achimwene anga a Petulo anathera unyamata wawo akusamalira akavalo pa esiteti ina ya thonje, kumtunda kwa Golomoti. Mwini wake anali mzungu, akuti kwawo anali wa banja lachifumu. Ankaitanitsa akavalo, kashembe n'kuwapha, iye n'kuitanitsa ena. Akafa kavalo, achimwene ndiwo ankakumba dzenje, bwana n'kuimikapo mwala wolembedwa dzina.

Komweko achimwene anataya mwana wawo woyamba, Maliya, asanayambe n'kuyenda komwe. Anamuika kuseri kwa khola n'kubzalapo nkhadze basi.

Mu 1954, maso atayamba kuchita khungu, anasema mtanda wa mlombwa. "Mlongo wanga, ndiperekezeni," anatero. "Ndikafa ine palibenso adzadziwe pomwe wagona mwanayo."

Tinanyamuka ku Mua Misa ya m'mawa itatha, ine nditasenza mtanda, iwo atandigwira phewa. Tinafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa. Nyumba ya bwana inalibe malata. M'chipinda momwe ankadyera alendo munali fungo la mileme.

Mlonda wake, a Jeremiah, anatiseka. "Mwadzaona akavalo, madala? Mwachedwa zaka makumi awiri. Atsala ndi amenewa," analoza mbuzi m'khola.

Kuseri kunalibe nkhadze. Anaidula kalekale, malowo n'kumalimapo chimanga. Koma miyala ya akavalo inali chiimire, yonse isanu ndi iwiri. Achimwene anaipapasa umodziumodzi mpaka anaima pa wachitatu.

"Uyu ndi kavalo wofiira uja. Anafa sabata imodzi ndi mwana. Kuchoka pano, mapazi khumi ndi awiri kuloza kunyanja."

Anayenda akuwerenga, nafika pakhumi ndi awiri ali pafupi kwambiri ndi mwala.

"Si apa. Ndinawerenga ndi miyendo ya mnyamata."

A Jeremiah anali atasiya kuseka. Anavula chipewa, naima pamwala paja, nayamba kuponya miyendo yawo italiitali, achimwene akuwerenga mokweza. Pomwe anaima, tinakumba ndi mpeni n'kuzika mtanda pakati pa mapesi.

Ndinayambitsa Tikuoneni Maria. Achimwene anangokhala pansi atatsamira mtandawo, nandipempha madzi.

Chaka chotsatira tinawaika ku Mua. Kuesiteti kuja sindinapitekonso, miyendo siikundilola. A Jeremiah anatumiza mawu kuti polima amaulambalala mtandawo.