Galasi la m'Basi ya a Orest

Ku depoti ya mabasi kwathu kuno ku Manitoba, m'dziko la Canada, palibe yemwe sawadziwa a Orest Bilyk, bambo amene mimba yawo imafika pakhomo eni ake akadali kumsewu. Anayamba kuyendetsa basi tsitsi lidakali lakuda bii, ndipo m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanagundepo ngakhale galu. Kampani inawapatsa kabaji kachitsulo ka dalaivala wopanda ngozi, iwo n'kumakapukuta kuposa mano awo. Nkhomaliro yawo inali yomweyomweyo chaka chonse, mapirogi, timitanda ta ufa toikamo mbatata, omwe akazi awo a Halyna ankakulunga m'kansalu kofiira, ndipo wopemphako ankauzidwa kuti akakwatire.

Zinachitika Lachiwiri masana, mu Febuluwale, chipale chofewa chili mbuu. Munthu wina wovala jekete lachipewa anakwera n'kukhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, phee. Sanakangane ndi aliyense. Basi itaima pa maloboti anasolola hamala m'thumba, n'kuwamenya a Orest kawiri kunkhongo, kenako n'kutsika bwinobwino ngati wafika pake. Apolisi sanamupeze mpaka lero.

Kampani tisainamizire, inachita mbali yake. Inawapatsa miyezi itatu yopuma, inatchinga mipando ya madalaivala ndi zitseko za pulasitiki, inawapezeranso mlangizi, mayi wofatsa yemwe Lachinayi lililonse ankawapatsa pepala la mafunso. Kodi tulo mukugona? Kodi mumadzidzimuka? Koma a Orest ndi mwana wa munthu amene anathyoka mwendo n'kuyamba wamaliza kukolola tirigu asanapite kuchipatala. Ankachonga bokosi la “ndili bwino” kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati mayeso oti akhoze, n'kubweza cholembera akuthokoza.

Bala litapola anawaika kaye kotsuka mabasi. Zinawawawa zimenezo. Mpando wawo ankaufuna, ndipo ankaufunsa m'mawa uliwonse. Ndi a Halyna okha amene anaona kuti kutchalitchi amuna awo ayamba kukhala benchi yomalizira, msana kukhoma. Atafunsa, anayankhidwa kuti ulaliki wa ansembe umakoma ukamvekera patali.

Mu Juni mapepala onse anati munthu wachira. Ku depoti tinadya keke, ndipo bwana anawapatsa Marisol Dimayuga kuti ayende nawo sabata yoyamba. Marisol ndi dalaivala mnzathu, wamfupi ngati nkhokwe ya zinziri koma mawu ake amamveka tauni ina.

Pamwamba pa dalaivala pamakhala galasi lalitali loonera okwera. A Orest analikonza katatu injini isanalire.

“Madala, nkhope ndi yomweyo, sisintha,” anatero Marisol. “Tiyeni.”

“Chemwali, munthu wokongola sathamangitsidwa.”

Mmawa wonse unadutsa mosavuta, kungoti Marisol anaona kuti nthabwala zatha ndipo kolala ya malaya a mkuluyo yanyowa ndi thukuta. Cha m'ma leveni, pa siteji ya pafupi ndi chipatala, panakwera mwamuna wina atafunda chipewa cha jekete, dzuwa lili phwee. Mipando yopanda anthu inalipo yambiri. Iye anasankha wa kumbuyo kwa dalaivala. Nthawiyo Marisol anali pakati pa basi, akumangirira njinga ya gogo wina wolumala.

A Orest anamva chipsera cha kunkhongo chikuyabwa. Chitseko cha pulasitiki chinali chotseka ndithu, koma khosi silidziwa za pulasitiki. Maso anakwera pagalasi n'kukakamira pomwepo. Basi ikupita. Munthu uja anawerama pang'ono. Dzanja lake linatsika, n'kulowa m'thumba la jekete, n'kuchedwamo. Phazi la a Orest linali likupondabe moto, manja ali pachiwongolero, koma dalaivala m'basimo munalibe.

“Orest!”

Anaponda buleki. Anthu anagwerana, zikwama n'kuuluka, matayala akulira. Itaima basi, kutsogolo kwake kunali mayi pa malo owolokera, atagwira kangolo ka mwana. Pakati pa bampala ndi kangoloko pankangokwana chikhatho. Mayiyo sanatukwane. Anangowayang'ana a Orest, n'kukankha kangolo kake. M'galasi, munthu wa chipewa uja ankatola lalanje lomwe anali atangotulutsa m'thumba.

Marisol anabwera n'kutsamira chitseko cha pulasitiki chija. Aka kanali koyamba kwa a Orest kumumva akulankhula motsitsa. Anawakumbutsa kuti madzulo bwana akufuna lipoti, ndipo iye akhoza kulemba kuti mayiyo anangotulukira mwadzidzidzi, poti zimachitika, ndipo kabaji kakhala pomwe kali. Koma mawa kulinso msewu, ndipo sabata yamawa iye sadzakhalamo m'basi.

Wokwera wina kumbuyo anafunsa ngati afika.

“Lembani kuti mayiyo sindinamuone,” anatero a Orest. “Chichokereni ku depoti, msewu sindinauone.”

Amene anaiyendetsa basi pobwerera ku depoti ndi Marisol. Lachinayi lotsatira a Orest anapempha okha pepala la mafunso lija, ndipo akuti anakhala nalo ola lathunthu, mayi wofatsa uja akungowonjezera khofi.

Panopa ali kotsuka mabasi, ndipo bwana akuti mpando udikira. Mapirogi akumanabe ngati kale. Koma mukawapeza akusesa basi yopanda munthu, mudzaona kansalu kofiira katapachikidwa pagalasi lija. Tikawaseka amati akuliteteza ku fumbi. Marisol yekha ndiye anauzidwa zoona: galasilo likakhala losaphimba, mpando wa kumbuyo kwa dalaivala sukhala wopanda munthu, amangoonapo wa hamala uja.