Chimbudzi cha Akulu Anga ku Katete

Chaka chomwe thonje linandigwetsa ulesi ndi chomwe ndinachoka kwathu ku Vubwi. Ndinalima maekala awiri, koma akampani ogula thonje atachotsa za mbewu ndi mankhwala, ndalama yotsala sinakwane ngakhale matayala a njinga. Ndinati basi, ku Lusaka anthu sadya miyala.

Iii, Lusaka! Kumudzi madzi timangotunga, zinyalala timaponya kudzala, chimbudzi chikadzaza timakwirira n'kukumba china. Kukomboni komwe ndinafikira zonsezi n'zogula. Chigubu chilichonse cha madzi ndi ndalama, ndipo magetsi akazima pampu imaima, mtengo n'kukwera tsiku lomwelo.

Ntchito ndinaipeza m'gulu la opopa zimbudzi. Kupopa ndi dzina chabe. Tinkaboola dzenje m'mbali, n'kumatapa ndi chitini chomangirira kumtengo wautali, kuthira m'madilamu. Mtengo wa ntchitoyo tinkautchula titaona kaye dzenjelo. Ngati anthu amaponyamo mapampazi a ana, nsanza ndi mabotolo, ntchito ya tsiku limodzi inkatenga awiri. Njira ikakhala yopapatiza galimoto inkaima kutali, madilamu pamanja. Kokataya nakonso ankalipiritsa. Mwini nyumba ankatinena kuti ndife akuba, uku atatseka mphuno.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili momwemo. Kwathu ndinkangoti ndimagwira za madzi. Akulu anga, omwe ndi aphunzitsi ku Katete komanso mkulu wa mpingo, akaimba foni ankati, "Bwanji bwana wa zamadzi? Kuno nyumba tikumangayi malata aperewera khumi." Ine n'kutumiza ndalama. Ndinkadya ndekha, ndipo kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo, kuopa kuti wina andinunkhiza.

Msana utayamba kukana ndinabwerera, n'kufikira kwa akuluwo. Nyumba inali itatha, kuseri atamanganso tizipinda ta lendi, puloti yonse yadzaza. Koma chimbudzi chinali chitafika pakamwa, mvula ili pafupi, pokumba china palibe.

"Galimoto yopopa akuti ichokere ku Chipata, mafutanso tilipire ife," anadandaula akulu. "Ndizitenga kuti ine? A zaumoyo anena kuti tikapanda kukonza, ochita lendiwa atuluke."

Masiku awiri ndinkangochiyesa ndi maso chimbudzicho. Ndikanena kuti ndichipope ndine, ubwana wanga wa zamadzi uthera pomwepo. Koma ana ankapita kumeneko opanda nsapato. Tsiku lachitatu ndinati, "Akulu, ndipezereni madilamu anayi ndi ngolo. Ntchito yanga ku Lusaka inali imeneyi."

Madilamu ndi ngolo zinabwera.

Ndinayamba m'mawa. Dzuwa likupendeka ndinali nditamaliza, zonse zitakwiriridwa kumunda kwawo, kutali ndi chitsime. Ndinasamba kawiri, n'kukhala pakhonde. Ndinapempha madzi akumwa kwa alamu, akazi awo a akuluwo. Analowa m'nyumba, n'kuchedwako, ine ndikumva akusuntha makapu. Anatuluka ndi kachitini kakale, n'kukaika pansi patsogolo panga.

"Kameneka kazikhala kanu, alamu. Musavutike kukabweza m'nyumba."

Mtima unandiwawa kuposa msana, ndinene zoona. Komabe ndinamwa, ludzu linali litandigwira. Akulu anga anali pomwepo pampando, akuyang'ana foni yawo.