Tsiku Limene Ndinatembenuza Apongozi

Chaka chimene matipate anali atangolowa, apongozi anga aakazi anafa ziwalo mbali imodzi. Tinawagoneka pa kachipatala kena ka kwathu kuno, pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Namwino analipo mmodzi. Wodi ya amayi iye, ya abambo iye, kochirira iye yemweyo. Nkhope yake sindiidziwa mpaka lero, ndimadziwa msana wokha. Mwana wina anabadwa mpaka kumera mano namwinoyo asanabwerere pamene ananena kuti "ndikubwera." Izi n'zoona, ndinaliko.

Anatisiyira lamulo limodzi, akuyenda: "Muziwatembenuza pafupipafupi. Akagonera mbali imodzi atuluka zilonda, ndipo zilondazo n'zimene zimapha."

Wotembenuza anali mkazi wanga. Ine ntchito yanga inali nkhuni ndi madzi, basi. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, tikakumana panjira wina amalowa patchire. Chikwatirire, ine ndinkadziwa bwino matchire onse a m'mudzimo.

Kenaka kunabwera uthenga woti mwana wathu wadwala chikuku ku Nathenje. Mkazi wanga anapita. Poyamba ankatithandiza mayi wina wodwazika pabedi loyandikana nalo, koma wodwala wake atamwalira anamanga katundu. Tsiku lotsatira kunali msonkhano wa chipani pamsika, ankagawa nsalu. Odwazika onse anathamangira komweko. Ngakhale bambo wina amene tinkati sayenda anapita, n'kubwerako ndi nsalu ziwiri. Sindikuwonjezera.

Ndinaima pakhomo la wodi kudikira namwino. Anadutsa atanyamula beseni.

"Sisitala, mayi aja sanatembenuzidwe chiyambire dzulo."

"Manja mulibe, bambo?"

"Ndi apongozi."

"Ine ndili ndi mayi wina akutaya magazi uko," anatero, n'kukhota.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Fungo lina linayamba kumveka, losakhala la mankhwala. Apongozi anali chigonere, maso kukhoma. Ndiye ndinawamva akulankhula, pakamwa popotoka paja, akuuza khoma.

"Khoma iwe, ukawauze amene aima pakhomowo kuti m'chiunomu mukuyaka moto."

Ndinayankha khoma lomwelo. "Ukawauze mayi kuti namwino akubwera."

"Ukawauze kuti asandinamize. Ndine wamkulu."

Anakoka chitenje ndi dzanja lamoyo lija, n'kudziphimba kumutu. Ine ndinayandikira chobwerera m'mbuyo mpaka ndinagunda bedi. Koma munthu sungamutembenuze utamufulatira, ndinayesa. Ndinatembenuka, ndinalowetsa mkono pansi pa phewa, wina pansi pa chiuno. Ndinkayembekeza kuti denga ligwa kapena manja auma. Panalibe chinachitika. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo nsalu ya pabedi inali itamatirira pakhungu. Ndinaimatula pang'onopang'ono.

Chilonda chinali chitatseguka kale, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo, m'kati moyera. Ndinachitsuka ndi madzi a mchere monga ankachitira mkazi wanga ndi zilonda za mwana wathu. Sindinamve manyazi, sindinamvenso chisoni. Ndinkangoona ntchentche imodzi ikuyenda pachitsulo cha bedi.

"Khoma iwe," anatero apongozi m'chitenje muja, "ukawauze kuti manja awo ndi ozizira. Abwerenso dzuwa likamalowa."

Ndinabwera. M'mawa mwake ndinabweranso, mpaka mkazi wanga atabwerera. Chilondacho sichinakule. Sichinapolenso. Tinawaika m'manda nacho mvula yoyamba itagwa.