Akuti tinkaimba mokondwa

Msomali uja ndimaukumbukabe: wautali ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo, wakuda, wonunkha mafuta a galimoto. Ndinautola kumtsinje wa kwathu, kufupi ndi Domwe, dzinja limene asilikali a Chipwitikizi anabwera kudzamanga mlatho woti magalimoto awo a nkhondo aziwolokerapo.

Mkulu wawo tinkangomutchula Enjenyero. Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Mlatho wake madzi anaulephera zaka zambiri. Madzulo ankakhazika nkhalamba pansi, kuzifunsa za nkhondo za Angoni, iye n'kumalemba. Za manda athu zokha sanafunse. Anangoona nkhalango ya mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa inali isanaikhudzepo, nati idulidwe. Amalume atayesa kufotokoza, msilikali anawakankha ndi mfuti pachifuwa.

Mmenemo munagona mlongo wanga, amene anamwalira akuyamwa. Panalibe mtanda, panalibe mwala. Amayi ankapadziwa ndi mtengo wa muwanga wamphanda umene unali kumutu kwake.

Anadula sabata yonse. Mudzi unkanunkha utomoni. Ng'ombe zokoka mitengo zinasandutsa mitumbira matope okhaokha. Abambo a m'mudzi posenza mitengoyo kutsikira kumtsinje ankaimba nyimbo za maliro. Nanga chochokera kumanda munthu n'kuchinyamula ali chete? Enjenyero anaima pachulu akumwetulira, akugwedeza phazi, kenako n'kuwagawira fodya.

Chaka chathachi mdzukulu wanga, pulofesolo wophunzitsa ana ku Ulongwe, anabwera ndi buku limene Enjenyero uja analemba atakalamba kwawo, kumene akuti amamutama kuti ndi katswiri wa mbiri yakale.

"Agogo, mudzi wanu ulimo," anatero. "Akuti anthu anapereka okha mitengo, ndipo ankaimba mokondwa."

Ndinati abwereze. Anabwereza. Ine sindinapite kusukulu, koma nyimbo ya maliro ndi ya ukwati ndimazisiyanitsa ngakhale ndili m'tulo. Munthu wodziwa kuyeza kulemera kwa galimoto analephera kufunsa kuti, kodi mukuimba chiyani? Lero ana akuwerenga mawu ake, athu anawolera m'matope muja.

Asilikali atachoka, amayi ankandidzutsa m'mamawa, tiye kumanda. Ankayenda chowerama pakati pa zitsa, kugwira ichi, kuchisiya, kugwira icho. Zitsa zonse zinali zofanana. Ine ndinkathamanga patsogolo, msomali wanga m'manja, n'kumawaitana ndikapeza bowa. Ndinkadabwa kuti bowa wambiri chonchi amayi akumudumpha bwanji.