Alamu anga akutsuka impso ndi njala

Loweruka ndinapita ku Ngara kukazonda alamu anga, amuna a achemwali anga. Amadwala shuga, ndipo chaka chino kuchipatala anawauza kuti impso zayamba kufooka. Achemwali anaphika mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, koma eni nyumba anakankhira mbale kutali.

"Yayi alamu, ine sindikudya. Ndili pa otofaji."

Anandipatsa foni kuti ndidzionere. Munali bambo wovala gauni yoyera, akufotokoza kuti ukakhala ndi njala thupi limadya zinyalala zake, impso n'kubwerera mwakale. Chipatala chomwe amagwirako ntchito sanachitchule. Chomwe anatchula mobwerezabwereza ndi tiyi wake wa m'mapaketi.

Inetu munthu akayamba ndi mawu ozunguza mutu n'kumalizira pa malonda, ndimamukayikira.

Ndinatuluka panja kukaimbira foni mnzanga wina, namwino wa ku Boma. Akuti otofajiyo ilikodi: maselo a m'thupi amadzisesa okha pogaya zowonongeka, ndipo shuga amafooketsa ntchitoyi mu impso. Akatswiri akufufuza ngati angaidzutse ndi mankhwala, koma zambiri akuyesabe pa mbewa.

"Koma wodwala shuga kusala kudya uku akumwa mapilitsi, ndiye kuputa dala kukomoka," anatero.

Mwaona mmene a pafoniwa amatikolera? Sanama zonse ayi. Amatola kanthu koona kamodzi, zotsalazo n'kuwonjezera okha. Ife tikamva mawu achilendo timangogwedeza mutu. Dokotala amene anatiyeza magazi timatsutsana naye, koma wa pafoni, wosadziwa n'komwe dzina lathu, timamumvera ngati m'busa.

Ndinawafotokozera alamu zonsezi. Anangoseka.

"Nanga bwanji ndikamwa tiyiyu mphamvu zikubwerera? Kusikelo kwa shuga kuja sindipitanso."

Yankho ndinalimva kwa achemwali pondiperekeza kumsewu.

"Achimwene, akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndimawathirira shuga m'tiyimo mobisa. Akatsitsimuka amatamanda wa pafoni uja. Ndikawauza zoona, kapu yochokera m'manja mwanga sadzailandiranso."

Ndinachita mantha, ndipo mpaka pano mtima suli m'malo. Achemwaliwo sabata ino akupita ku Chitipa kukadwazika mayi athu, alamu atsala okha pakhomo ndi mapilitsi, njala ndi foni.

Akadzayamba kunjenjemera, bambo wa gauni yoyerayo adzatuluka m'foni kudzawadzutsa?