Chikwama chanu chija mwamasula?

Mayi a Tiyamike, lero ndimadutsa pa mashopu a ku Actonville kuno ku Joni ndipo ndaona zikwama zikuluzikulu zamizeremizere, zija timatumizira katundu kumudzi. Ndinangoima ngati ndikulota, anthu akundigunda mapewa. Ndakumbuka Lamulungu lija titaweruka kutchalitchi, mutanditengera kukachipinda kanu ku Daveyton kuti tikamwe tiyi. Zaka zonse zija muli kuno, zovala zanu zinkakhalabe m'chikwama chotere pakona. Abwana anga a ku Bedfordview ankafuna kutaya wodilopu yabwinobwino, ndiye ndinati ndikubweretsereni. Munaseka. "Iyayi mwanawe, ine ndili paulendo." Ndinafunsa ngati mukubwerera ku Ntcheu. Munayang'ana kuwala kumene kunkalowera pa kabowo ka lata, fumbi likuvinavina momwemo, n'kunena motsitsa: "Kuno amanditchula kwerekwere, dzina lonyozera ife obwera, ku Ntcheu amanditchula wa ku Joni. Koma chizamireni m'pemphero, konseko ndimangomva ngati ndili padepoti. Ndikusowa kwathu kumene sindinakuonepo."

Tsiku lija ndinkaona ngati mwangotopa ndi ntchito. Masiku ano nanenso ndikagwada kupemphera, ngakhale msewu umene ndimayendamo tsiku lililonse umandionekera wachilendo, ndipo mtima umalakalaka malo amene sindingathe kuwaloza. Pamene tinkakweza bokosi la maliro anu m'galimoto ya ku Malawi, anthu ankati mukupita kwanu. Koma ine ndinkadziwa kuti kwanu munali mutafika kale. Amayi, mundiuze ngakhale kumaloto: chikwama chija mwamasula tsopano?