Bokosi la Matabwa a Sinema

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale tulo tenitenito sindinatione. Tinagona m'nyumba ya siwa akazi okhaokha, mothinana, thupi la amalume lili pakati pathu. Nyimbo za usiku tinaimba chapansipansi, chifukwa asilikali a ku kwartelu, kumsasa kwawo, analetsa phokoso ndi moto waukulu dzuwa likalowa. Nditatuluka panja ndinapeza nkhungu ya ku Tsangano, ija yolowa mpaka m'mafupa, ndipo kuseri kwa nyumba kunkamveka kukhoma kwa misomali. Matabwa anali atasowa pa vila ponse, katauni kamene tinkakhala, ndiye ampalamatabwa anaphwasula mipando iwiri yaitali ya m'chisakasa cha sinema n'kupangira bokosi.

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi anga, koma anthu onse ankangowatchula kuti a Sinema. Anabwera kuchokera ku Joni ndi televizau yoonetsera kanema, makina a makaseti ndi jeradoro yopangira magetsi. Nkhondo itatisamutsa kumudzi n'kutiunjika pa vila, iwo anamanga chisakasa kuseri kwa msika. Makaseti awo ambiri anali a ku Amereka: oopsa, a akufa otuluka m'manda, ndi ena oti munthu ukuseka koma chikukuseketsacho ndi maliro. Amalume Chingerezi sankachidziwa. Koma makaseti ena anali ndi malemba a Chipwitikizi m'munsi, ndipo ine, poti ndinali nditafika oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, sukulu yathu isanatsekedwe, ndinkakhala pambali pawo n'kumawanong'oneza zimene zalembedwa. Iwo ankazinena mokweza m'Chichewa, atathiramo ndi zawo. Ankakonda kunena kuti opanga mafilimu a ku Amereka fungo la mtembo sakulidziwa, ndiponso kuti dziko lawo lili ndi mtendere wochuluka mpaka anthu amachita kugula mantha. Ine ndinkakopera m'kaderno, buku langa lolembamo, mayina onse otuluka filimu ikatha, ndi maganizo oti nkhondo ikadzatha ndidzawalembere kalata anthu amenewo.

Chimene chinatisowetsa tulo sichinali chisoni chokha. Amalume ankanena kawirikawiri, uku akuseka, kuti tikadzawaika pamanda a alendo a pa vila adzadzuka ngati azungu a m'mafilimu awo aja n'kuyenda okha mpaka kukagona pambali pa amayi awo. Tsiku lomaliza, chifuwa chitawamaliza, anawanenanso mawu omwewo kwa amayi anga, koma osaseka. Manda akwathu anali kumudzi wakale, ulendo wa maola awiri kupitirira ngalande imene asilikali ankalondera kumalire a vila. Kunali kutatha zaka zitatu popanda wopondako. Msewu unali ndi mabomba okwirira, ndipo m'mapiri munali anthu a m'tchire, aja ankamenyana ndi asilikali.

Kutangocha, nkhaniyo inabuka pabwalo. Abambo anati tiike pompano, munthu wakufa asatengetse amoyo. Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda ndi kunyoza ofedwa mmene afunira, anakhala pansi makasu ali pamiyendo.

"Ife mafilimu ake tinaonera tonse," anatero wamkulu wawo, mkulu wina wopanda mano akutsogolo. "Munthu ameneyu njira yotulukira m'dzenje akuidziwa bwino. Tikumbe lero, mawa tikumbenso? Mutilipira nkhuku zingati, achimwene?"

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Koma ndinaona kuti kusekako sikunafike kwa onse. Analipo amene ankayang'ana bokosi lija ndi maso ena. Amayi anatuluka m'siwa mwana ali kumbuyo, nati mlongo wawo anapempha iwo, osati abambo, ndipo apita kwawo. Abambo anangolowa m'nyumba n'kuvala jekete.

Moto wophikira unayatsidwa m'malo atatu kuseri kwa nyumba. Ufa kunalibe wokwanira, ndiye azimayi anaphika mbatatesi ndi nyemba m'migolo yodula pakati. Utsi unakana kukwera chifukwa cha nkhungu, unkangoyenda m'miyendo mwa anthu. Ine ndinatunga madzi kawiri, ndinasenda mbatatesi mpaka zala zinauma, koma sindinathe kukhala malo amodzi. Maso anga ankangopita kumapiri, amene sankaoneka n'komwe.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene tinkaganizira. Kunabwera aphunzitsi opanda sukulu, anamwino a ku chipatala, azimayi a mumsika, ndi asilikali angapo amene anaima chapatali zipewa zili m'manja. Onsewa anakhalapo pamatabwa aja. Abale a ku Furancungo ndi a ku Chidzolomondo okha ndiwo kunalibe. Uthenga wawo tinapatsira dalaivala wa koluna, mdipiti wa magalimoto woyenda ndi asilikali, ndipo tinkadziwa kuti udzawapeza mwezi utatha.

Mkulu wa asilikali anaitana abambo n'kuwauza kuti satiletsa, komanso satiperekeza. Anati dzuwa likapendeka tisanabwere, ngalande aitseka ndipo aliyense wobwera kuchokera kutchire sadzamufunsa dzina. Akatekisita anapemphera panyumba pomwepo. Miyendo yawo sinali ya ulendo wotero, choncho anandipatsa ine buku, atapinda tsamba loti ndikawerenge. Amayi sakanatha kupita ndi khanda. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anati ndikaponye dothi m'malo mwawo.

Khamu lonse linatiperekeza ndi nyimbo mpaka pa ngalande. Pamenepo nyimbo inaduka. Tinaoloka anthu khumi ndi awiri: adzukulu asanu ndi mmodzi, abambo ndi anzawo atatu, amayi ena achikulire a mumpingo, ndi ine. Msewu tinausiya, tinatsata kanjira ka ng'ombe ka m'mbali mwa mtsinje. Mdzukulu wopanda mano uja anali patsogolo, ndipo aliyense ankaponda pomwe wachotsa phazi mnzake. Onyamula bokosi ankasinthana osalankhula. Ine ndinali pambuyo penipeni pa bokosilo, moti ulendo wonse ndinkawerenga zimene anthu anakanda pamatabwa aja ndi misomali podikira filimu: mayina a zibwenzi, ndi mawu ena oti sindingalembe muno. Kamodzi nkhwali inauluka m'udzu, onyamula anatsala pang'ono kuponya bokosi. Palibe anaseka.

Mudzi wathu ndinauzindikira ndi mitengo ya mapichesi. Nyumba zinali zitagwa, udzu utamera mpaka m'zipinda. Kumanda adzukulu anapeza mtumbira wa agogo, nayamba kukumba pambali pake ndi changu chimene sindinaonepo. Nkhungu inali itayamba kuchoka, ndipo ine ndinkalakalaka ikanakhala, chifukwa tsopano tinkaonekera kutali. Atatsitsa bokosi ndinatsegula buku. Ndinawerenga mizere itatu yokha. Amayi a mumpingo aja anandigwira mkono, ndipo nditatukula maso ndinaona amuna atatu ali chiimire pansi pa mtengo wa msuku, mfuti zili m'manja.

Palibe anathawa. Kothawira kunalibe. Wamkulu wawo, wa chipewa chong'ambika, anafunsa kuti watumiza ndani anthu a pa vila kudzaona malo awo. Abambo anayankha kuti ndi maliro chabe. Munthuyo anati aliyense amatero, ndipo analamula amuna onse kuti akhale pansi, manja kumutu. Anafunsa kuti m'bokosimo mulidi munthu kapena zina. Mdzukulu wamkulu anati muli a Sinema.

Apo mmodzi wa atatuwo, wandevu, wopanda nsapato, anasendera pafupi ndi dzenje n'kuyang'ana matabwa aja. Kenako anayang'ana ine. Ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachipumi. Anali Fulansisko, amene kale ankakonza njinga pamsika. Zaka ziwiri m'mbuyomo anthu a m'tchire analowa pa vila madzulo ena filimu ili pakati, anthu anabalalika, ndipo ena anatengedwa. Iye anali mmodzi wa iwo. Abale ake anadikira chaka, kenako anaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi lake n'kumeta.

"Iwe si Luwiza, wowerenga malemba uja?" anatero.

Ndinavomera ndi mutu.

"Filimu ija ya nkhalamba yogogoda ija inatha bwanji?"

Ndinaikumbukira bwino. Inali ya mkulu wina wolemera amene ana ake anamuika m'manda mothamanga kuti atenge nyumba. Madzulo alionse iye ankabwerera, dothi lili m'matumba a jekete, n'kugogoda kufunsa chakudya. Anawo ankamuikanso, dzenje lakuya kuposa loyamba, kenako kuthirapo ndi simenti. Anthu ankaseka mpaka kugwa pamipando. Madzulo amene Fulansisko anatengedwa, mfuti zinalira nkhalambayo ikugogoda kachitatu. Ine mathero ake ndinadzawaona pambuyo pake: anawo anaithira petulo n'kuiotcha, nyumba n'kupsera limodzi, iwo ali panja akukanganirana supuni.

Wa chipewa uja anati nthawi ya nthano palibe. Fulansisko sanatembenuke. Maso ake anali pa ine. Kusukulu anatiphunzitsa kuti bodza ndi bodza ngakhale likhale laling'ono, ndipo ine m'kaderno mwanga sindinalembepo bodza. Koma ndinayang'ana abambo ali pansi manja kumutu, ndinayang'ananso mapazi ong'alukang'aluka a munthu amene kwawo anamulira kale.

"Mwana wamkazi wotsiriza anatsegula chitseko," ndinatero. "Anawatenthetsera madzi, anasamba, anadya. Palibe anawafunsa kumene anali. Anakhala pakhomo."

"Ukunama iwe. Azungu sapanga zotero."

"Malemba ankawerenga ndani, inu kapena ine?"

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu amenewo ndinawatenga. Kenako mdzukulu wopanda mano uja, manja ali kumutu, anati: "Zoona, achimwene. Filimu yonse inaipira pomwepo. Ife tinafuna kubwezeredwa ndalama zathu."

Fulansisko anaseka kamodzi, kuseka kouma. Anapatsira mnzake mfuti, natola khasu, naponya dothi katatu pabokosi. Atatero anapita kukalankhula ndi wa chipewa uja chapambali. Zimene anakambirana sitinamve. Tinangoona wa chipewayo akulavula, kenako anati tikwirire msanga tichoke, ndipo tikadzabweranso tidzakumbe manda athu omwe. Anatenga majekete a amuna onse, makasu awiri, ndi nsapato za abambo. Ine ndinaponya dothi la amayi, ndinamaliza kuwerenga tsamba lija mothamanga, mawu ena ndikuwadumpha. Pamene tinkanyamuka, atatuwo anali atapita kale.

Pobwerera tinkaponda m'mapazi mwathu momwe. Abambo ankatsimphina ndi minga koma sanalole kuti tiime. Dzuwa linali litapendeka kale. Titayandikira ngalande, amayi a mumpingo aja anayambitsa nyimbo mokweza kuti asilikali adziwe kuti ndife, ndipo tonse tinaimba, ngakhale adzukulu amene sapemphera. Msilikali wina anatukwana, koma anachotsa minga yotsekera njira. Kutsidya kunali amayi anga, pamalo pomwe tinawasiya m'mawa. Anatiwerenga ndi chala, mmodzimmodzi, anafika khumi ndi awiri, n'kuyambiranso. Atatsimikiza ndi pamene anafunsa ngati mlongo wawo wagona pambali pa amayi awo. Nditavomera, anakhala pansi pomwepo n'kulira kulira kumene sanalire chimwalirire amalume.

Madzulo anthu anabalalika msanga chifukwa cha lamulo la moto. Migolo inatsukidwa, mphasa zinapindidwa. Abambo anaviika mapazi m'madzi amchere n'kugona osadya. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva khanda likupuma. Ndinakhala pakhonde ndi kaderno, osadziwa ngati ndilembe mathero a azungu kapena anga.

Mdima usanagwire kunabwera amayi ena achikulire, ogulitsa nyemba pamsika. Anali amake a Fulansisko. Amuna amene tinapita nawo kumanda anali atawauza kale. Anakhala pansi pafupi nane, akukonzakonza mpango wawo.

"Mwanawe, wamuona ndi maso ako?"

"Ndamuona, amayi."

"Wawonda?"

"Wawonda, koma akuyenda bwino."

"Kuphaziku anavala chiyani?"

Apa sindinafune kunamanso. Ndinawauza kuti analibe kanthu. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nadzuka, nakutumula nsalu yawo.

"Nsapato zake zija anthu ankati ndigulitse," anatero. "Ndikazipake mafuta."